Zida zolimbitsira thupi pakhomo: za amene ali yekha ndi za amene ali ndi mnzake

Musanapereke ndalama kwa owotcherera zitsulo kapena m'sitolo, dzifunseni kuti: mikono ikatha mphamvu chitsulo chili pamwamba pa chifuwa, adzandichotsere ndani? Yankho lake ndilo likusankhireni chida.

Ngati muli awiri, monga anyamata ambiri ochita lendi ku Chikanda kapena ku Chinamwali kuno ku Zomba, palibe choposa paipi yaitali yokhala ndi zolemera mbali zonse, kuphatikizapo benchi. Ya m'majimu akuluakulu imalemera makilogalamu 20 payokha ndipo ndi yotalika mamita 2.2. Yathu ya pakhomo ndi ija timathira konkire m'zitini ziwiri za penti, paipi pakati. Mtengo wake ndi wabwino, chifukwa thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 mukasakaniza ndi mchenga ndi miyala limatulutsa zolemera zingapo. Vuto lake ndi lakuti kawirikawiri mbali ziwirizo sizilemera mofanana, ndiye phewa limodzi limagwira ntchito ya awiri mpaka kuyamba kupweteka. Yezani zosakanizazo pa sikelo musanathire. Komanso konkire ikauma simungawonjezere kapena kuchepetsa, pamene anthu awiri safanana mphamvu. Ndi chifukwa chake ndimakonda zolemera zochita kuvula ndi kuveka pa paipi, kuti wina akamaliza mnzake asinthe n'kupitiriza. Koma chonde, zonyamula chitsulo mutagona chagada pa benchi musamachite muli nokha m'nyumba. Chitsulo chikakutsikirani pakhosi mulibe pothawira.

Wochita yekha agule ma dumbbell (zitsulo zifupizifupi zonyamula ndi dzanja limodzi) awiri osinthika kulemera. Mukalephera mumangowaika pansi m'mbali, basi. Salanda malo, amalowa kunsi kwa bedi, ndipo dzanja lililonse limanyamula katundu wake, lofooka silibisala kumbuyo kwa lamphamvu. Mtengo ndiye umaluma, makamaka atsopano. Yalani mphasa yokhuthala kapena kagawo ka tayala lakale pansi, poti simenti ya m'nyumba za lendi sichedwa kusweka ndipo alandilodi sadzamva zoti mumalimbitsa thupi. Ndi chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri, kuyambira Disembala mpaka Malichi, chitsulo chosiyidwa pakhonde chimachita dzimbiri msanga. Pukutani ndi kupaka kamafuta.

Malamba a mphira okoka polimbitsa thupi ndi opepuka, sasokosa, ndipo ndi abwino kwa oyamba kumene, achikulire, ndi amene akuchira phewa kapena bondo. Awiri angathe kugwirirana, wina akugwira wina akukoka. Koma mphira sagwirizana ndi dzuwa: kutentha kwa Okutobala kumamung'amba pang'onopang'ono, ndipo akaduka amakwapula kumaso. Malegeni a chubu cha njinga nawonso ndi chimodzimodzi. Kwa munthu amene miyendo yake inazolowera kale kukwera msewu wa ku Ku Chawe, malambawa amapepuka msanga.

Chigubu musachinyoze. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho cha malita 20 chodzaza ndi makilogalamu 20, ndipo mumadziwa bwinobwino chimene mwanyamula. Chikapepuka thirani mchenga wouma, chifika pafupifupi makilogalamu 30. Kunyonyomala mutachikumbatira, kapena kuyenda ndi ziwiri m'manja, kumalimbitsa ntchafu, msana ndi zala. Pa chifuwa ndi mapewa sichigwirika bwino.

Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa minofu yonse ikuluikulu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, ndipo msana wa kumtunda nawonso musauiwale. Pamenepo paipi yodzikokerapo m'mwamba imathandiza. Ikhale pa mizati iwiri yokwiriridwa ndi konkire panja, osati pa felemu ya chitseko kapena pa mitengo ya denga yomwe chiswe chinayamba kale kudya.