Ulendo wa pa galimoto wokaona miyala ya ku Mwabvi

Ambiri amene amalipira ulendo wa pa galimoto m'chigwa cha Shire amafuna kukaona njovu ku Majete kapena njati ku Lengwe, koma ulendo umene ndikuunika pano ndi wa miyala ndi nthaka, ndipo ndikuuvomereza makamaka chifukwa cha bambo amene ankatitsogolera.

Tinanyamuka pa Nchalo pa Land Cruiser kulowera kumwera. Tisanafike pa Ngabu anaimitsa galimoto ndi kutilozera mapiri a ku Thyolo, amene aima kum'mawa ngati khoma. Anafotokoza kuti chigwachi ndi mbali ya kumwera ya Great Rift Valley, kuti nthaka inang'aluka kalekale ndipo mbali imene tikukhalayi inatitimira, n'chifukwa chake kuno kumatentha chonchi, ndiponso malo otsika kwambiri m'Malawi, okwera mamita 37 okha poyerekeza ndi nyanja yamchere, ali ku Nsanje kumene Shire amalowera m'Mozambique. Pomwepo anatipondetsa pa makande, dothi lakuda lija limene alimi a thonje amalidziwa bwino, ndipo analowetsa dzanja lonse mumng'alu wa dothilo posonyeza mmene limakhwinyatira likauma ndi kufufuma mvula ikagwa.

Mtima wa ulendowu uli ku Mwabvi, kumadzulo kwa Bangula, kumene msewu wafumbi umadutsa m'mitengo ya tsanya ndi milambe yoyoyoka masamba, moti m'mwezi wa Okutobala dera lonse limaoneka ngati lauma mpaka mizu. Tinatsika n'kuyenda pansi pamchenga wa mtsinje wouma mpaka tinafika pa matanthwe okumbika ndi madzi. Bamboyo anandiuza kuti, "Achimwene, takandani apa ndi chala." Mwalawo unayoyoka timchenga m'dzanja mwanga. Kenaka anatisonyeza mizere yopendekeka ya m'thanthwemo, nati mchengawu unasanjikizidwa ndi mitsinje yakale zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo, ndipo kupendekeka kwa mizereyo kumaonetsa kumene madziwo ankalowera. Miyala imeneyi akatswiri amaitcha Karoo, ndipo ndi yomweyi imene yasunga malasha a ku Mwabvi ndi ku Lengwe. Bamboyo sanathamangitse munthu, ndipo funso lililonse, ngakhale la mwana amene tinali naye, analiyankha mofatsa ndi m'Chichewa chomveka. Zimenezi n'zimene munthu amalipirira.

Chimene sindinakondwe nacho ndi kakonzedwe ka kampani imene inatitenga. Galimoto inabwera mochedwa, motero tinafika pa matanthwe dzuwa lili paliwombo, madzi akumwa amene anatinyamulira anali ochepa, ndipo amayi awiri achikulire anatsalira m'galimoto osaona chimene anadzera. Amene mukufuna kupita, sankhani Juni kapena Julaye, gwirizanani kuti munyamuke mbandakucha, valani nsapato zolimba, ndipo mutenge madzi anuanu. M'dzinja musayese n'komwe, popeza msewu wa ku Mwabvi umavuta kwambiri mvula ikagwa.