NC750X kapena V-Strom 650: yopitira ku ntchito ndi iti?

Munthu akatopa ndi kanjinga kamoto ka 125cc n'kufuna yokulirapo, yoti azipitira ku ntchito mkati mwa sabata kenako Loweruka n'kulunjika nayo ku Salima, kawirikawiri amasowa chosankha pakati pa Honda NC750X ndi Suzuki V-Strom 650. Zonse ndi za masilinda awiri, zimalemera makilogalamu opitirira pang'ono 210, ndipo pa zonse mumakhala mowongoka, osachita kuwerama ngati pa njinga za mpikisano. Koma anazipangira misewu yosiyana, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokera chifukwa choyang'ana mphamvu ya injini yokha.

A Honda popanga NC ankaganizira munthu wa m'tauni. Pamene njinga zina pamakhala thanki, iyo pali bokosi lokhoma ndi kiyi, la malita 23 pa zimene zatuluka kuyambira 2021. Chipewa chovindikira nkhope yonse chimalowamo. Popita ku ntchito mumaikamo laputopu yaing'ono, chakudya ndi jasi la mvula, mukafika n'kutulutsa zonsezo, kuikamo chipewa, n'kulowa mu ofesi manja ali lende. Amene sanayendepo ndi chikwama kumsana m'dzuwa la mu Okutobala sangamvetse kuti bokosili ndi lofunika bwanji. Injini yake ya 745cc siikonda kukuwa. Mphamvu imabwera msanga ikuzungulira pang'onopang'ono, n'chifukwa chake simwa mafuta. Kampaniyo imati lita imodzi imayenda makilomita oposa 28, moti kathanki kake ka malita 14 kangakufikitseni pafupi ndi makilomita 400. Kwa ife amene tikudziwa kuswera pa mzere wa petulo, iyi si nkhani yaing'ono.

Vuto lake lili pansi. NC ya 2021 anaitsitsa, mpando unafika pa mamilimita 800, zomwe aafupi msinkhu amayamikira, koma mpata wa pakati pa mimba ya njinga ndi msewu unatsala mamilimita 145 okha. Matayala onse ndi a mainchesi 17, ndipo mashoko ake sayenda mtunda wautali. Pa mahampu athu ena, makamaka mutakweza munthu, mudzamva pansi pakukhula. Chinanso chotopetsa: pothirira mafuta pali pansi pa mpando wakumbuyo, choncho katundu amene mwamangirira pamenepo muyenera kumasula nthawi iliyonse mukaima pothira.

V-Strom 650 inayamba kugulitsidwa mu 2004, ndipo injini yake ya 645cc, ya masilinda okhala ngati chilembo cha V, inachokera ku njinga ina ya Suzuki yotchedwa SV650. Ndi injini yodziwika ndi kukhalitsa. Ili ndi mphamvu kuposa ya Honda, mahatchi (muyeso wa mphamvu ya injini) pafupifupi 70 pomwe NC ili ndi 58, koma chimene ine ndimaikondera si chimenecho. Ndi tayala lakutsogolo la mainchesi 19. Tayala lalikulu limadutsa pamwamba pa dzenje lomwe laling'ono limagweramo, ndipo tala akatha n'kuyamba msewu wa fumbi wokumbika ndi madzi, chiwongolero sichikuthawani m'manja. Pansi pali mpata wa mamilimita 170. Mtundu wa XT uli ndi malimu a masipoko osafuna chubu, omwe amapirira kumenyedwa kuposa malimu oumba. Thanki ndi ya malita 20: kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Blantyre pa M1 mafuta amatsalako.

M'tauni imakulipiritsani. Mpando uli pa mamilimita 835, mafuta ali pamwamba, ndiye thanki ikadzadza njinga imamveka kulemera mukamazembera pakati pa maminibasi. Mafuta imamwa kuposa Honda, ndipo malo osungira katundu muchita kugula bokosi lakumbuyo. Za kuyambira 2017 zili ndi kachipangizo kokweza injini pang'ono mukamasiya kilachi kuti isazime ponyamuka, chomwe chimathandiza ndithu pa chipwirikiti cha m'mawa.

Za kilachi, NC ina imabwera ndi DCT, yosintha yokha magiya, yopanda chogwirira kilachi n'komwe. Dzanja lamanzere limapuma zedi. Koma ganizirani amene adzaikonze. Amakaniko athu ambiri anazolowera njinga za kabaza, ndipo giyabokosi yoyendetsedwa ndi kompyuta si yophunzirirapo. NC ya magiya wamba ndiye yosavuta: mavalavu ake amasinthidwa ndi sikulu ndi nati, pomwe a Suzuki amafuna timashimu, tizitsulo topyapyala tosinthira mpata wa mavalavu, toti muchite kuitanitsa.

Kawasaki Versys 650 ndingoitchula mwachidule. Thanki ya malita 21, mashoko abwino osinthika, ndipo pa makona a Khwekhwelere imasangalatsa kuposa ziwiri zinazi. Koma nayonso kutsogolo ili ndi tayala la mainchesi 17 ndipo ndi yaitali, motero siiposa Honda m'tauni kapena Suzuki pa msewu woipa.

Ndiye anzanga a ku Joni, amene mumayenda pa N1 pakati pa Pretoria ndi Johannesburg tsiku ndi tsiku, tengani NC750X musachite kuganiza kawiri. Tala ndi wosalala, ndipo masipeya ali pafupi. Koma ngati njira yanu ndi yochokera ku Area 25 kapena ku Machinjiri, yokhala ndi maenje amene amasintha malo mvula ikagwa, ine ndikuti V-Strom. Ndalama zimene Honda ikupulumutsireni pa petulo zikhoza kuthera pa limu limodzi lopindika. Ndipo poti zambiri zimabwera zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku South Africa, gulirani komweko tcheni ndi masiproketi ake, mafyuluta a oyilo ndi mapadi a mabuleki, zibwere limodzi ndi njingayo.