Matayala a Schwalbe Marathon Plus, kuchokera ku Nullarbor mpaka kuno ku Zomba

Matayala a njinga amenewa ndinawagula ku Perth, m'dziko la Australia, pokonzekera ulendo wodutsa chigwa chouma cha Nullarbor pa msewu wa Eyre Highway. Pakati pa Balladonia ndi Caiguna msewuwo umawongoka makilomita 146 osakhota, wokonza njinga kulibe, ndipo tayala likaphwa umamata chubu wekha padzuwa loswa mtengo, malole aataliatali akukudutsa ndi chimphepo chawo. Ine sindinamatepo ngakhale kamodzi.

Mphamvu yake ili mu mphira wabuluu wokhuthala mamilimita 5 umene anauyala m'kati mwa tayalalo. Nditafika mumzinda wa Adelaide ndinazula kachidutswa ka botolo kamene kanaloweratu n'kuima pa mphirawo, chubu chili bwinobwino.

Lero matayala omwewo ndimayendera kuchokera ku Chinamwali kupita kumsika wa Zomba, ndipo minga ndi misomali ya m'mbali mwa msewu sizindidetsa nkhawa. N'zoona kuti ndi olemera, ndipo pokwera phiri kupita ku Ku Chawe miyendo imadziwa, komabe anzathu a kabaza, amene ndalama zawo zimathera kwa omata machubu, ndikanakonda atawapeza pamtengo wofikirika.