Baibulo la Scofield: ndi lothandiza, koma pa nkhani ya zaka 1000 likuuzani mbali imodzi yokha

Kwa inu amene mukufuna Baibulo lokhala ndi manotsi kuti mumvetse nkhani ya ufumu wa zaka 1000, ndipo wina wakuuzani kuti mugule Scofield Reference Bible, ndati ndilembe zomwe ndaona ine chifukwa ndaligwiritsa ntchito kwa nthawi ndithu. Langa ndi lija la manotsi a 1917, mawu ake ndi a King James, nde dziwiranitu kuti ndi Chingerezi chakale chija chofuna kuwerenga modekha.

Kapangidwe kake sindidandaula kwambiri. Mapepala ndi opyapyala moti mukalemba ndi bolopeni inki imaonekera kuseri, bola pensulo. Zilembo za manotsi ndi zing'onozing'ono, amene maso anayamba kuvuta musamale, funani la zilembo zikuluzikulu. Koma malifalensi ali pakati pa tsamba aja ndi abwino zedi, amakutenga pa mutu umodzi, tinene ufumu kapena kuuka kwa akufa, kuyambira pomwe watchulidwa koyamba mpaka pomaliza, kenako pamapeto pake pali notsi yomanga zonse pamodzi. Apa pokha ndalama yanu siinapite pachabe, munthu umaphunzira kuyenda m'Baibulo lonse osangokakamira mavesi omwe unaloweza kalekale.

Mbiri yake mwachidule: analikonza ndi Cyrus Scofield, wa ku America, yemwe anali loya asanakhale m'busa ku Dallas. Linatuluka koyamba mu 1909 ku Oxford University Press, nkudzakonzedwanso mu 1917. Maganizo ambiri ali mmenemu si a iyeyo, anachokera kwa John Nelson Darby wa gulu la Plymouth Brethren amene anamwalira mu 1882, koma Scofield ndi amene anawaika pansi pa mavesi nkuwalowetsa m'nyumba za anthu wamba. Wophunzira wake Lewis Sperry Chafer anadzayambitsa Dallas Theological Seminary mu 1924, nde chiphunzitsochi chinapeza sukulu yakeyake. Dziko la Israel litakhazikitsidwa mu 1948 anthu ambiri anati onani, zija Scofield analemba zija zayamba, ndipo kuyambira pamenepo chinafala kwambiri moti lero pali anthu ochuluka amene amalalikira za Scofield koma dzina lakelo sanalimvepo.

Zomwe limaphunzitsa ndi izi. Mbiri yonse ya anthu inagawidwa m'nyengo 7, kuyambira nthawi ya Adamu asanachimwe, kudutsa nyengo ya chilamulo, ino ya chisomo, yomaliza nkukhala ya ufumu. Israyeli ndi mpingo ndi magulu awiri osiyana ndipo malonjezo awonso ndi osiyana. Mpingo udzakwatulidwa kaye, padziko nkubwera chisautso chachikulu cha zaka 7, kenako Yesu nkubwera poyera, Satana nkumangidwa, Ambuye nkulamulira ali ku Yerusalemu zaka 1000 zenizeni zowerenga pa kalendala. Zonse zimalumikizana bwinobwino, palibe vesi yotsala opanda malo ake, ndipo ndikuganiza kuti nchifukwa chake anthu amalikonda. Ukamawerenga Chivumbulutso wekha mutu umaima, koma ukatsegula ili umamva ngati wapatsidwa mapu.

Vuto langa lili pomwepo. Nthawi zambiri manotsiwa sakuuzani kuti pali mkangano. Kawirikawiri salemba kuti ena amati chakuti, ife tikuti chakuti pa zifukwa izi, ayi, amangonena ngati nkhani inatha kale, ndipo popeza ali patsamba limodzi ndi mawu a Mulungu, pakapita nthawi munthu sumakumbukanso kuti izi ndinaziwerenga pamwamba pa mzere kapena pansi pake. Ndamvapo anthu akutsutsana nkumati "Baibulo likunena" pamene chomwe akunenacho ndi notsi.

Tsegulani Chivumbulutso 4:1 muone. Yohane akuona khomo lotseguka kumwamba, mawu akumuuza kuti kwera kuno. Nkhani ya vesiyi ndi yomweyo, Yohane mmodzi akuitanidwa kukaona masomphenya. Koma notsi ya m'munsi ikuti kuitanaku kukuonetsa kukwaniritsidwa kwa 1 Atesalonika 4, kutanthauza mkwatulo, ndipo umboni wake ndi woti mpingo sukutchulidwanso mpaka kumapeto kwa bukulo. Eti mkwatulo wa mpingo wonse wabisala mu kuitanidwa kwa munthu mmodzi? Nanga oyera mtima omwe akuzunzidwa ndi chilombo mu chaputala 13 aja, amene akusunga chikhulupiriro cha Yesu mu chaputala 14, ndi ndani? Yankho limakhala loti amenewo ndi ena, otembenuka mpingo utapita kale. Mwina nzoona, koma kuti ufike pamenepo uyenera kubwera ndi dongosolo lonse lija m'mutu usanawerenge vesiyo.

Pena ndi Mateyu 13:33, fanizo la chotupitsa mkate chomwe mayi anabisa mu ufa mpaka wonse unatupa. Yesu akuti ufumu wa kumwamba ufanana ndi chimenechi. Scofield akuti chotupitsa m'Baibulo nthawi zonse chimaimira choipa, nde fanizoli likunena za chiphunzitso chonyenga chomwe chidzalowerere mpingo mpaka wonse kuvunda. Pamene Akhristu ena ambirimbiri amawerenga vesi yomweyi nkuona uthenga wabwino ukufalikira mwakachetechete mpaka kukhudza dziko lonse, ndipo ena pa vesi ngati imeneyi ndi pomwe amamangapo chiyembekezo chawo choti zinthu zidzasintha Yesu asanabwere. Vesi imodzi, matanthauzo awiri oyang'ana kosiyana, koma notsi ya m'Baibuloli ikutchula linalo pongofuna kulitsutsa basi. Chimodzimodzi ulaliki wa paphiri, notsi yake imati kwenikweni ndi malamulo a ufumu ukubwerawo, kwa mpingo amangogwira ngati phunziro la makhalidwe. Ine pamenepa mtima umandiwawa, chifukwa Mateyu 5 mpaka 7 ndi mawu omwe Mkhristu amayenera kukhala nawo lero, osati kuwasungira mtsogolo.

Chomwe chikusowa m'Baibuloli nchachikulu. Zaka 1000 za ufumuwu zimatchulidwa pa Chivumbulutso 20 pokha, ka 6 kuyambira vesi 2 mpaka 7, ndipo Akhristu akhala akukangana za ndime imeneyi kuyambira kalekale. Oyambirira ambiri, monga Papias, Justin Martyr ndi Irenaeus, ankakhulupirira kuti Yesu adzabwera kaye kenako nkulamulira pansi pano, mpaka Irenaeus analemba za mipesa yodzabereka modabwitsa nthawi imeneyo. Koma Justin yemweyo, cha m'ma 150, anavomera poyera kuti alipo Akhristu ambiri oona ndi oopa Mulungu amene saganiza choncho. Taonani, munthu wa nthawi imeneyo anatha kunena kuti anzanga ena akuona mosiyana ndipo ndi abale, chinthu chomwe manotsi a 1917 akulephera. Komanso akuluakulu akalewa sankaphunzitsa zoti mpingo udzachotsedwa chisautso chisanayambe, iwo ankayembekezera kukumana ndi Wokana Khristu maso ndi maso.

Kenako kunabwera Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, amene anamwalira mu 430. Iyeyu poyamba ankagwirizana ndi za ufumu wa pansi pano koma anadzasintha, mothandizidwa ndi zolemba za Tyconius, womasulira malemba wa kumpoto kwa Africa komweko. Anati zaka 1000 ndi nyengo yonse ya mpingo kuyambira kubwera koyamba kwa Yesu mpaka kwachiwiri, Satana anamangidwa kale monga Yesu ananenera pa Maliko 3:27 zomanga munthu wamphamvu usanalande katundu wake, ndipo kumangidwako sikutanthauza kuti sakuchita kalikonse koma kuti sangaletsenso mitundu ya anthu kulandira uthenga. Kuuka koyamba ndi kwa mzimu, munthu akachoka ku imfa kulowa m'moyo. Maganizo amenewa ndi omwe analamulira kwa zaka mazanamazana, Luther ndi Calvin anayenda momwemo, chivomerezo cha chikhulupiriro cha otsatira Luther, cha Augsburg cha 1530, chinakana zoti oyera adzalanda ufumu wa dziko akufa asanauke, ndipo mpingo wa Katolika mpaka lero katekisimu wake amakana za ufumu wa zaka 1000 wooneka ndi maso. Ndiye tikunena gawo lalikulu la Akhristu a padziko lonse, koma mu Scofield simupeza olo ndime imodzi yowafotokoza mwachilungamo.

Palinso gulu lachitatu lomwe limati Yesu adzabwera zaka 1000 zitatha, uthenga utagonjetsa dziko pang'onopang'ono nkubweretsa nyengo yaitali ya mtendere. Daniel Whitby ndi Jonathan Edwards, abusa a m'zaka za m'ma 1700, anali a maganizo amenewa, ndipo ambiri omwe ankatumiza amishoni m'zaka za m'ma 1800 ankayendera chiyembekezo chomwechi. Nkhondo ya 1914 inawafooketsa kwambiri, zinavuta kunena kuti dziko likunka likoma anthu akuphana mamiliyoni, ndipo nthawi yomweyo Scofield wonena kuti zinthu zizingoipiraipira anaoneka ngati walasa. A Adventist nawonso ali ndi kawerengedwe kawo, amati Yesu abwera kaye inde, koma zaka 1000 zimenezo oyera adzakhala kumwamba, dziko lili bwinja, Satana alibe womunyenga.

Musaganize kuti ndikutsutsa zonse za Scofield. Pa funso loti Yesu adzabwera zaka 1000 zisanayambe kapena ayi, ine ndili naye limodzi. Chaputala 19 chikuonetsa wokwera pa kavalo woyera akubwera, chilombo chikuponyedwa m'nyanja ya moto, chaputala 20 nkutsatira ndi kumangidwa kwa chinjoka, ndipo pa vesi 10 Satana akuponyedwa komwe kuli kale chilombo chija, ine ndikuona nkhani yoyenda motsatana. Komanso mngelo wagwira Satana, wammanga ndi unyolo, wamponya kuphompho, watseka nkudindapo chizindikiro, zimandivuta kunena kuti mmenemu ndi mmene zilili lero pamene Petro akuti mdani akuyendayenda ngati mkango wobangula. Ndipo ngati odulidwa mitu aja akhalanso ndi moyo pa vesi 4, otsala nkudzakhala ndi moyo zakazo zitatha pa vesi 5, sindiona chifukwa choti kuuka kumodzi kukhale kwa mzimu kwinako kwa thupi. A Augustine ali ndi mayankho awo, ndipo Yohane 5:28-29 yonena za ola limodzi lomwe onse a m'manda adzatuluke imandipatsa ntchito ndithu, koma pano ndaima pamenepo. Zoti 1000 ndi nambala yeniyeni kapena ikungotanthauza nthawi yaitali yokwanira sindilimbana nazo, buku lake ndi lodzaza manambala ophiphiritsa.

Pomwe ndimasiyana naye kotheratu ndi pa Danieli 9 ndi Ezekieli. Pa masabata 70 a mu ulosi wa Danieli 9 iye amaika mpata pakati pa sabata la 69 ndi la 70, mpata womwe pano watha pafupifupi zaka 2000, pamene ndimeyo payokha sikutchula zoti wotchi idzaima. Ndipo pa Ezekieli 40 mpaka 48 akuti kachisi adzamangidwanso mu ufumuwo, nsembe za nyama nkuyambiranso, zongokumbukira mtanda. Abale, Ahebri 10 akunena momveka kuti Khristu anapereka nsembe imodzi kwamuyaya ndipo pomwe pali chikhululukiro palibenso nsembe ya machimo. Yesu ali pampando ku Yerusalemu, zipsera zikuoneka m'manja, anthu nkumapha ng'ombe kuti amukumbukire? Chotikumbutsa anatisiyira kale, mkate ndi chikho. Apa ndikuona kuti dongosolo lakula mphamvu kuposa malemba.

Chimodzi chomwe ndimuyamikira nchoti sanaike deti la kubwera kwa Ambuye. Anthu anapsa kale ndi za William Miller, mlaliki wa ku America amene omutsatira ake anadikira Ambuye pa 22 October 1844 osaona kanthu, nde Scofield sanagwe m'dzenje limenelo, olo kuti ena ogwiritsa ntchito manotsi ake anadzayamba kuwerengetsa zaka kuchokera pa 1948. Imeneyo ndi milandu yawo, si yake.

Nde mugule kapena ayi? Ngati mukufuna kumvetsa komwe kunachokera ziphunzitso za mkwatulo, zaka 7 ndi kachisi wachitatu zomwe zadzaza pa YouTube ndi pa Facebook, gulani, palibe pena pomwe zinalembedwa mwadongosolo chonchi. Aphunzitsi a Mawu ndi ophunzira zaubusa liwathandiza. Koma munthu wongotembenuka kumene sindingamupatse ngati Baibulo lake loyamba, ndipo aliyense wolitenga akhale ndi lina lopanda manotsi pambali, aziyamba wawerenga chaputala chonse mmenemo asanaone zomwe Scofield wanena, komanso apeze buku lina lomwe mbali iliyonse ikudzilankhulira yokha.

Pogula onetsetsani kuti ndi liti. La 1917 lili ndi madeti a zochitika za m'Baibulo omwe anawerengetsa Bishopu Ussher pamwamba pa malifalensi, kuyambira 4004 BC pa Genesis 1, ndipo lili ndi notsi ya pa Yohane 1:17 yomwe inautsa mapokoso chifukwa imamveka ngati anthu a m'Chipangano Chakale ankapulumuka posunga chilamulo. La 1967, lomwe amalitcha New Scofield, linakonzedwa ndi komiti, anasintha mawu ena akale a King James nkukonzanso manotsi ovuta ngati imeneyo, koma pa nkhani ya zaka 1000 silinasunthe. Manotsi a 1917 amapezekanso ulere pa intaneti ndi m'maapu ena a Baibulo, nde mutha kuyamba mwawerenga a pa Mateyu 13, Danieli 9 ndi Chivumbulutso 20 pafoni musanatulutse ndalama.