PHP yakale ndi yatsopano pa kompyuta imodzi: XAMPP ziwiri, WampServer kapena Docker?

Webusayiti yolembedwa m'nthawi ya PHP 5.6 kawirikawiri imakana kuyenda pa PHP 8. Ma function a mysql_ anachotsedwa mu PHP 7.0, ndipo each() ndi create_function() zinachoka mu 8.0. Poikonza pamafunika kuiona ikuyenda pa yakale uku mukuyesa pa yatsopano.

Ambiri amayamba ndi XAMPP (phukusi lokhala ndi seva ya Apache, PHP ndi database pamodzi) ziwiri, ina mu C:\xampp, ina mu C:\xampp56. Kuika n'kosavuta, vuto limabwera poyatsa. Ma Apache awiriwo amalimbirana port (nambala ya khomo lolumikizirana ndi seva) 80 ndi 443, ma database nawo akufuna 3306, ndiye yoyatsidwa kachiwiri imangozima. Pa yakaleyo sinthani Listen 80 mu httpd.conf ikhale 8080, 443 mu httpd-ssl.conf ikhale 8443, ndipo 3306 mu my.ini ikhale 3307, pansi pa [client] ndi [mysqld] pomwe. Mukaiwala kulemba 3307 mu config.inc.php ya phpMyAdmin (pulogalamu yoyendetsera database pa browser), mudzakhala mukufufuta matebulo a database ina osadziwa. Musaziikenso zonse ziwiri ngati service ya Windows, mayina ake amawombana.

Chimene chimazunguza anthu kwambiri ndi ma cookie. Browser sisiyanitsa cookie potengera port, choncho localhost ndi localhost:8080 zimagawana PHPSESSID imodzi, cookie imene PHP imazindikirira munthu amene walowa. Mukalowa kuno, uko mwatulutsidwa. Mankhwala ake n'kupatsa webusayiti iliyonse dzina lake mu fayilo ya hosts, monga yakale.test ndi yatsopano.test.

WampServer, phukusi lina lofanana ndi XAMPP, imachepetsa chipwirikiti chonsechi. Apache ndi imodzi, ma PHP mumaonjezera angapo, ndipo kudzera mu FastCGI (njira yolumikizira Apache ndi PHP) VirtualHost iliyonse, kutanthauza webusayiti yokhala ndi dzina lakelake pa Apache, imatha kukhala ndi PHP yakeyake nthawi imodzi. Ma port osawakhudza n'komwe. Chofunika ndi ma Visual C++ Redistributable oyenera: PHP 5.6 imafuna ya 2012, ndipo ikasowa mudzaona uthenga woti MSVCR110.dll palibe. Ngati kusiyana kwa mapulojekiti anu kuli pa PHP yokha, njira yabwino ndi imeneyi, bola muli pa Windows.

Docker, imene imayendetsa mapulogalamu m'mabokosi odzipatula otchedwa container, imaposa zonse pamene database nayonso ikusiyana. MySQL 8.0 imagwiritsa ntchito caching_sha2_password potsimikizira wolowa, njira yomwe PHP 5.6 siidziwa, ndiye webusayiti yakale ndi bwino kuipatsa MySQL 5.7 yake. Container ya php:5.6-apache muiike pa 8056:80 (port 8056 ya kompyuta yanu yolumikizidwa ku 80 ya container), ya php:8.3-apache pa 8083:80, chilichonse m'khola mwake. Koma pali zophunzira. Ma image amenewa, omwe ma container amapangidwa kuchokera kwa iwo, sabwera ndi mysqli yolumikizira PHP ndi MySQL, muyenera kuthamangitsa docker-php-ext-install mysqli. Mkati mwa container, localhost si database yanu, lembani dzina la service, ndilo dzina limene munapatsa database yanu mu Docker. Image ya 5.6 inamangidwa pa Debian yakale imene mapaketi ake anasamutsidwira ku archive, choncho apt-get update imalephera mpaka mutasintha ma adiresi ake. Pa Windows, mafayilo muwasunge mkati mwa WSL 2 (Linux yoyenda mkati mwa Windows), chifukwa akakhala pa C: masamba amatseguka mochedwa kwambiri.

Njira iliyonse imene mwasankha, foda ya data musaikopere kuchoka ku MySQL ina kupita ku ina. Tulutsani ndi mysqldump, kenako lowetsani fayilo ya .sql mu yatsopanoyo. Ndipo PHP 5.6 ikhale ya pa kompyuta yanu yokha, osaitsegulira pa intaneti: inasiya kulandira zigamba za chitetezo kumapeto kwa 2018.