The Black List: chimene wolemba filimu amagula akalipira kuti nkhani yake iwerengedwe

Aliyense amene anamalizapo kulemba nkhani ya filimu amadziwa vuto limene limabwera pambuyo pa tsamba lomaliza, lomwe ndi kusowa munthu woiwerenga moona mtima. Abale amayamikira chifukwa cha chikondi, anzako olemba nthawi zina amazengereza poopa kukukhumudwitsa, ndipo opanga mafilimu amene ali ndi ndalama salandira zolemba za munthu amene sakumudziwa. Webusaiti ya The Black List inakhazikitsidwa pofuna kuthetsa vuto limeneli, ndipo ine nditaigwiritsa ntchito pa nkhani yanga imodzi ya masamba 104, ndaona kuti ndi yothandiza kwambiri kwa munthu amene akumvetsa chimene akugula, koma ikhoza kumudyera ndalama zambiri munthu amene akuganiza kuti akugula khomo lolowera ku Hollywood.

Dzina limeneli limaimira zinthu ziwiri zosiyana, ndipo olemba ambiri ongoyamba kumene amazisokoneza. Choyamba ndi mndandanda wa chaka ndi chaka umene anauyambitsa Franklin Leonard mu 2005, pamene ankagwira ntchito yofufuza nkhani zabwino ku Appian Way, kampani ya Leonardo DiCaprio. Iye analembera anzake ogwira ntchito yofanana ndi yake m'makampani ena, popanda kudziulula dzina, n'kuwapempha kuti atchule nkhani zimene anazikonda kwambiri chaka chimenecho koma zisanajambulidwe. Mayankhowo atawaphatikiza, panatuluka mndandanda umene unafalikira mofulumira mu Los Angeles, ndipo kuyambira nthawi imeneyo umatuluka mwezi wa Disembala chaka chilichonse. Nkhani za mafilimu monga Juno, Slumdog Millionaire, The King's Speech, Argo ndi Spotlight zinaonekera pa mndandandawu zisanajambulidwe, ndipo anayi omalizawa anadzapata mphoto ya Oscar ya filimu yopambana onse. Dzinalo limakumbutsanso za olemba amene anamanidwa ntchito ku Hollywood kuyambira mu 1947 powaganizira kuti ndi achikomyunizimu, monga Dalton Trumbo, amene mndandanda wa mayina awo unkatchedwa blacklist, moti Leonard anatenga mawu amene kale anali chitonzo n'kuwasandutsa ulemu.

Chachiwiri ndi webusaiti imene inatsegulidwa mu Okutobala 2012, ndipo ndi imene wolemba wamba amatha kuigwiritsa ntchito. Pa mndandanda wa chaka uja munthu salowapo chifukwa cholipira, pakuti amavota ndi akuluakulu a m'makampani a mafilimu, ndipo nkhani zambiri zimene zimalowapo zimakhala za olemba amene ali kale ndi owayimira. Mbiri yonse ya mphoto ndanena ija ndi ya mndandanda, osati ya webusaiti. Ndikutsindika mfundoyi chifukwa ndamvapo olemba anzanga akunena mosangalala kuti nkhani yawo ili pa Black List pamene angoikweza pa webusaiti, ndipo munthu wodziwa ntchitoyi akamva zimenezi amazindikira nthawi yomweyo kuti akulankhula ndi mlendo.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Wolemba amatsegula akaunti, amakweza nkhani yake ngati PDF, amalemba logline, yomwe ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri zofotokoza mtengambali wamkulu, chimene akufuna ndi chimene chikumutchinga, kenako amasankha mtundu wa filimuyo. Malipiro alipo a mitundu iwiri: ena ndi a mwezi ndi mwezi kuti nkhaniyo ikhale poonekera kwa opanga mafilimu, ma agent ndi ma manager (oyimira olemba pofufuza ntchito ndi ogula) amene analembetsa, ndipo ena ndi a kamodzi kuti wowerenga wa kampaniyi aiwerenge n'kulemba maganizo ake. Umwini wa nkhani umakhalabe wa wolemba. Wowerengayo dzina lake siliululidwa, ndipo amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10 pa maziko a nkhani, tsatanetsatane wake, atengambali, zoyankhulana zawo, malo ochitikira nkhani, komanso malikisi a nkhani yonse. Pansi pake amalemba ndime zitatu, ya zimene zili bwino, ya zofooka, ndi ya mwayi umene nkhaniyo ili nawo pa msika. Wolemba ali ndi ufulu wosankha kuti kuwunikako kuonekere kwa onse kapena akusunge yekha.

Nambala imene aliyense amailakalaka ndi 8, chifukwa nkhani ikafika pamenepo kampaniyo imailengeza kwa anthu a m'makampani a mafilimu ndipo imapatsa wolemba nthawi ina yaulere pa webusaiti. Yanga inapeza 6. Ndinaiona nambalayo usiku pa foni, ndipo ndinaiyika pansi foniyo osawerenga zotsatira mpaka m'mawa, chifukwa mtima unali utagwa. Nditawerenga m'mawa mwake ndili ndi cholembera m'manja, ndinapeza kuti wowerengayo anali ataiwerengadi nkhani yonse, chifukwa anatchula zochitika za pa tsamba 38 ndi 71 mwatsatanetsatane. Nkhani yanga inali ya mayi wamasiye amene akufuna kugulitsa nyumba imene mwana wake wamkulu akukana kuchokamo, ndipo wowerengayo anayamikira zoyankhulana za awiriwa, makamaka pamene akukangana za kiyi wa chipinda cha malemu bambo popanda wina kutchula imfayo. Koma anasonyeza kuti mayiyo sapanga chisankho chilichonse chakechake mpaka pa tsamba 52, moti theka lonse la filimu zinthu zimangomuchitikira. Ndinatsegula nkhaniyo n'kuyamba kuwerenga ndi diso limeneli, ndipo ndinaona kuti n'zoona: kalata imabwera, wogula amafika, mwana amakalipa, ndipo mayiyo amangolandira zonsezi ali chikhalire. Ndinali nditakhala ndi nkhaniyi miyezi yambiri osaliona vutoli, chifukwa m'mutu mwanga mayiyo anali ndi nkhondo yaikulu, koma nkhondoyo inali m'kati mwa mtima, kumene kamera siifika.

Apa ndi pamene pali phindu lenileni la ntchitoyi. Wowerenga wa The Black List sakudziwa nkhope yako, sakudziwa kuti unavutika bwanji, ndipo sadzakumana nawe mawa kuti achite manyazi. Amawerenga monga amawerengera wothandizira wa producer (wopanga filimu) amene ali ndi mulu wa nkhani patebulo ndipo akufunafuna chifukwa chosiyira imodzi n'kutenga ina. Kuwerenga kotereku n'kozizira, koma ndi kumene nkhani iliyonse idzakumane nako ikatuluka m'manja mwa mwini wake, ndipo ndi bwino kulawiratu zimenezi nthawi yokonza ikadalipo. Ndinayamikiranso kuti ndime ya za msika inanena mosabisa kuti nkhani ya m'banja yopanda wosewera wotchuka ndi yovuta kuigulitsa ku makampani akuluakulu, koma ndi yotsika mtengo kuijambula popeza pafupifupi yonse ikuchitikira m'nyumba imodzi, ndipo ikhoza kukopa opanga mafilimu odziimira paokha. Wolemba amene amangoganiza za luso amafunika kumva mawu oterewa, chifukwa tsamba lililonse la nkhani ya filimu ndi pafupifupi mphindi imodzi ya kanema, ndipo mphindi iliyonse ili ndi mtengo wake.

Komabe pali malire amene ayenera kunenedwa. Kuwunika kumene munthu amalandira n'kwakufupi, ndime zochepa chabe, ndipo cholinga chake chachikulu ndi kuuza ogula ngati nkhaniyo ndi yoyenera kuitsegula, osati kuphunzitsa wolemba. Wowerenga amakuonetsa pamene pali bala koma sakhala nawe pansi kuti mufufuze mankhwala, ndipo palibe mwayi womufunsa kuti amatanthauzanji pa chiganizo chakutichakuti. Kuwonjezera apo, malikisi ndi maganizo a munthu mmodzi, ndipo owerenga awiri akhoza kusiyana pa nkhani imodzimodzi, monga mmene anthu awiri otuluka mu holo ya kanema amasiyanirana. Kusiyanaku sikolakwika pakokha, koma kumabala chiyeso choopsa, chakuti wolemba amene wapeza 7 azilipira kuwunika kwina ndi kwina poyembekezera kuti tsiku lina agwera wowerenga amene adzamupatse 8, pamene nkhaniyo sanaisinthe ngakhale mzere umodzi. Ndalama zimene zimapita m'njira imeneyi sizikonza nkhani, ndipo ndikulangiza kuti munthu adziikiretu malire asanalembetse, kuti alipira kangati ndipo asiya liti.

Chinanso choyenera kuchidziwa n'chakuti muyeso umene nkhani imayezedwa nawo ndi wa msika wa mafilimu wa ku America. Owerenga anazolowera nkhani yoyenda mofulumira, imene mtengambali wake amafuna chinthu chooneka ndipo amachilondola kuyambira m'masamba oyambirira. Filimu yodekha, imene mphamvu yake ili m'zithunzi ndi m'kukhala chete, ikhoza kuoneka yofooka papepala ngakhale itakhala yoti ingadzakhale yokongola pa sikirini. Wolemba amene akufuna kudzaijambula yekha nkhani yake, kapena amene akulembera omvera a kwina, ayenera kusefa malangizowo mosamala. Pa nkhani yanga, mfundo ya mayi wosapanga chisankho ndinaitenga yonse chifukwa inali yoona, koma lingaliro lakuti ndifupikitse chochitika chachitali cha mayi akupukuta mafelemu a zithunzi ali yekha sindinalitsatire, popeza ndi pamenepo pamene woonera amamvetsa chimene nyumbayo ikutanthauza kwa iye.

Nanga za kulumikizana ndi opanga mafilimu, komwe ndi chiyembekezo chachikulu cha ambiri? Zimachitikadi. Filimu ya Nightingale, imene analemba Frederick Mensch ndipo anasewera David Oyelowo, inapezeka kudzera pa webusaitiyi ndipo inaonetsedwa pa HBO, wailesi ya kanema ya ku America, mu 2015. Kampaniyi imagwiranso ntchito ndi mabungwe ena pokonza maphunziro a olemba ndi mipata ina imene olembetsa angathe kufunsira. Koma nkhani zimene zili pa webusaitiyi n'zochuluka kwambiri, ndipo zimene zimaonekera ndi zapamwamba zokha, choncho nkhani ya malikisi apakatikati ikhoza kukhala mwezi wonse osatsegulidwa ndi wogula aliyense. Malipiro a mwezi ndi mwezi amakhala ndi tanthauzo pokhapokha ngati kuwunika kwatuluka bwino, ndipo kukapanda kutero n'kwanzeru kuichotsa nkhaniyo n'kubwerera nayo patebulo.

Chimene webusaitiyi singalowe m'malo mwake ndi gulu la olemba anzako. Nditalandira kuwunika kuja ndinakutengera ku kagulu kathu ka anthu asanu amene timakumana pa intaneti kawiri pa mwezi, mmodzi mwa iwo ndi wojambula ndipo wina ndi wolumikiza zithunzi. Tinagawana atengambali n'kuwerenga mokweza masamba 30 oyambirira, ndipo pamene mnzathu amene ankawerenga mawu a mayi uja anafika pa tsamba 19, anaima n'kufunsa kuti, “Kodi bwanji mayiyu osangosintha loko wa pakhomo mwana wake ali kuntchito?” Tonse tinakhala chete kwa kanthawi, chifukwa funsolo linali yankho la vuto lonse: chisankho chimene ndinachiika pa tsamba 52 chinayenera kubwera apa, ndipo china chilichonse chikanakhala zotsatira za zochita za mayiyo. Wolumikiza zithunzi uja anawonjezera kuti zochitika ziwiri za wogula nyumba zikanadulidwa ndithu pa nthawi yokonza filimu, ndiye ndi bwino kuzidula papepala pomwe kudula kulibe mtengo. Wowerenga wolipidwa ndiye anandionetsa vuto, koma njira yolikonzera inachokera m'kukambirana kwa anthu amene anali ndi nthawi yotsutsana nane, kundifunsa, ndi kuwerenganso tsamba lomwelo katatu.

Pa chifukwa chimenechi, ndondomeko imene ndikuiona yoyenera ndi yakuti nkhani iyambe yadutsa m'manja mwa anzako, iwerengedwe mokweza, ilembedwenso kawiri kapena katatu, ndipo masanjidwe ake akhale olondola, ndi zilembo za mtundu wa Courier, saizi 12, komanso mitu ya zochitika yolembedwa bwino, chifukwa wowerenga wa ntchito amaona zimenezi pa tsamba loyamba. Amene akufuna kumva akatswiri akukambirana za luso ndi za msika popanda kulipira akhoza kumvetsera pulogalamu ya Scriptnotes, imene John August ndi Craig Mazin akhala akuulutsa kuyambira mu 2011, ndipo nthawi zina amawunika masamba atatu oyambirira a nkhani za omvera. Pambuyo pa zonsezi ndi pamene kulipira The Black List kumakhala kwaphindu, pamene wolemba wafika poti sakuonanso cholakwika ndipo akufuna diso la mlendo.

Ndikuivomereza ntchitoyi kwa wolemba amene ali ndi nkhani yomalizidwa bwino, yolembedwa m'Chingerezi, ndipo angathe kulandira nambala yotsika popanda kutaya mtima kapena kuthamangira kugula ina. Sindikuivomereza kwa amene wangomaliza kumene kulemba koyamba. Ine ndinaichotsa nkhani yanga pa webusaiti mwezi utatha, ndipo tsopano mayi uja amasintha loko pa tsamba 17, masamba atsika kufika pa 96, ndipo ndidzaitumizanso kamodzi kokha kagulu kathu kakadzamaliza kuwerenga theka lachiwiri.