Zipewa zobiriwira za ku Dublin zinandidyera maola 28 a ntchito

Abale anga kumudzi, chaka chilichonse ikafika 17 Marichi mumaona pa Facebook anzathu a kuno ku Ireland atavala zipewa zobiriwira, mano onse pamtunda, ndiye mumayamba kutumiza mauthenga akuti "mukunjoyatu". Lero ndikuuzeni mtengo wa zithunzi zimenezo, chifukwa mu 2025 ndinapsa nazo.

Tsikuli ndi la Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko lino, ndipo ndi holide ya boma. Msuweni wanga anali atangofika kumene kudzaphunzira, ine ndinati ndimuonetse Dublin. Pagulu lathu la WhatsApp panabwera bambo wina, wolankhula mwaulemu kwambiri, akuti akukonza ulendo: basi, kogona usiku umodzi, ndi mpando wabwino woonerapo perete, zonse €150 munthu mmodzi. Ndinalipirira tonse awiri, €300.

Basi inabweradi, koma inatitsitsa kutali chifukwa misewu ya pakati pa mzinda imatsekedwa kuyambira m'mawa. Tinayenda ndi zikwama m'mphepo yozizira yolowa m'mafupa mpaka ku O'Connell Street. Perete imanyamuka 12 koloko masana ku Parnell Square, ndipo pamene ife timafika anthu anali atadzaza kale mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Liffey. Mpando uja? Bamboyo foni inali yothima. Mlonda wina anatiuza kuti mipando yolipira ilipodi, koma matikiti ake amagulidwa pasadakhale, ndipo ife tinalibe kalikonse. Kuonera uli chiimire m'mbali mwa msewu n'kwaulere. Ndiye kuti tinalipira chinthu chaulere, n'kuona mitu ya anthu ndi ana oberekedwa pamapewa. Msuweni wanga ndi wamfupi, anangomva ng'oma basi.

Madzulo ku hositelo anatiuza kuti bamboyo analipira mtengo wa masiku wamba, choncho tiwonjezere €40 aliyense, apo ayi tikagone panja. Chipinda cha anthu 8, mabedi osanjikiza, ena akulowa 3 koloko usiku ataledzera. Zonse pamodzi €380. Ine ndimasamalira okalamba pa malipiro otsikitsitsa, omwe chaka chimenecho anali €13.50 pa ola. Werengani nokha: maola 28 ndikunyamula ndi kusambitsa anthu, msonkho asanadule. Wophunzira amaloledwa maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala ili mkati, ndiye ndalama imeneyo msuweni wanga sangaipeze ngakhale atagwira sabata yathunthu. Za ku Temple Bar, dera la malo omwera mowa, sindikufunanso kuzikumbuka, tambula imodzi ya mowa inali pafupifupi €10, ndipo pokhala palibe.

Munthu mmodzi yekha anatichitira chilungamo, mayi wachikulire wa pa desiki ya hositelo m'mawa mwake. Ataona nkhope zathu anatenga mapu a pepala, nazunguliza ndi cholembera malo olowa ulere, n'kutichenjeza kuti tisagulenso tikiti kwa wina aliyense wa pamsewu. Anatisungiranso zikwama osatilipiritsa. Tinapita ku National Museum ya pa Kildare Street osatulutsa ngakhale senti. Mmenemo muli belu lakale lachitsulo lomwe amati linali la Patrick Woyera mwini wake, pambali pake bokosi lake lokongoletsedwa ndi golide ndi siliva. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mtima unakhala pansi. Kenako tinadya buledi wathu ku paki ya St Stephen's Green, n'kumaliza ndi Phoenix Park komwe agwape amangoyendayenda poyera. Dublin weniweni ndinamuona pa 18, tsiku limene sindinalipire kanthu.

Inu amene mukugulitsa malo a makolo kuti mubwere kuno mudzajambulitse, dzukani. Zipewa zija anthu amavala tsiku limodzi, mawa lake ali pa shifiti ya usiku, lendi ikudikira. Ambiri a ife tsikulo timasankha kugwira ntchito, chifukwa pa holide ya boma lamulo limati akupatse malipiro owonjezera kapena tsiku lina lopuma. Ukafunabe kuona perete, nyamuka mbandakucha ndi jekete lamvula ndi chakudya chako, ukaime kutsogolo nthawi isanakwane 10 koloko, madzulo ubwerere kukagona kwanu. Ndipo wina akakuuza pa WhatsApp kuti ali ndi mipando, umuuze akutumizire tikiti yokhala ndi dzina lako usanatumize ndalama.